Kunyanja, Panyanja, M'nyanja: Kuunika Mabuku Atsopano Titaima pa Chembe

1.0 MAU OYAMBA

Kuyambira chaka cha 2012 patuluka mabuku angapo olemera onena za dziko la Malaŵi. Ena ndi a mbiri ya anthu, ena a mbiri ya dziko, ena a nkhani zopeka, ndipo ena ndi a zaluso. Akatswiri a mbiri yakale ndi a zachipembedzo adaŵaunika kale monga mwa nzeru zao. M'pepala lino ife tiŵaunika ndi funso la chiyankhulo: kodi mabukuŵa akuyankhula ataima pati, ndipo akuyankhula kwa yani?

Pofuna kuti funsoli lisakhale la m'malere, tasankha malo amodzi oti tiimepo. Malowo ndi mudzi wa Chembe, m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba, m'boma la Mangochi. Pamaloŵa, pamene David Livingstone adaŵatcha Cape Maclear mu 1861 pofuna kulemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, ndi pamene amishoni a Livingstonia adakocheza sitima yao ya Ilala mu Okutobala 1875, mfumu Mponda itaŵaloleza kukhala. Mmodzi wa iwo, Alexander Riddel, adasindikiza ku Edinburgh mu 1880 buku la malamulo a Chinyanja monga chinkayankhulidwira kunyanjako, limene lili m'gulu la mabuku oyambirira a mtundu wotere. Choncho chiyankhulo chimene tikulembamo chino chili ndi ngongole kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja amene adakhala pansi ndi mlendo uja namuuza maina a zinthu. Ndi chinthu choyenera tsono kufunsa ngati zidzukulu zao zili nalo gawo m'mabuku a masiku ano.

2.0 MLINGO WATHU

Mlingo umene tigwiritse ntchito tautenga m'chiyankhulo momwemo. Aliyense wodziŵa magulu a maina a Chicheŵa adziŵa kusiyana kwa aphatikiri atatu a malo, Ku-, Pa- ndi Mu-. Taonani ziganizo izi:

(1) Tidzapita kunyanja pa tchuthi.
(2) Anyamata agona panyanja.
(3) Usipa wachepa m'nyanja.

Chiganizo (1) ndi cha munthu amene ali kutali. Kwa iye nyanja ndi kumene amapita ndi kubwerako. Chiganizo (2) ndi cha munthu wa pagombe, amene nyanja ndi munda wake. Chiganizo (3) ndi cha munthu wodziŵa zam'kati, amene amazindikira zimene zili pansi pa madzi ngakhale sakuziona. Mfundo yathu ndi yakuti pafupifupi mabuku onse amene tiŵatchule adalembedwa mu Ku-, ndipo kuti vuto limeneli silingathe ndi kupeka mau atsopano m'makomiti, koma ndi kulemba mabuku a mu Pa- ndi a mu Mu-.

3.0 MBIRI YA ANTHU

Mabuku aŵiri atsopano akukhudza ife a zachiyankhulo mwachindunji, chifukwa onse akunena za anthu amene adalemba mtanthauziramau wa chiyankhulo chathu. Loyamba ndi la Harri Englund, Visions for Racial Equality (2022), lonena za David Clement Scott, amene adatsogolera mishoni ya Blantyre kuyambira 1881 nasindikiza mtanthauziramau wake wa Chimang'anja mu 1892. Lachiŵiri ndi la Kenneth Ross, Mission, Race and Colonialism in Malawi (2023), lonena za Alexander Hetherwick, amene adagwira ntchito m'dziko muno kuyambira 1883 mpaka 1928, nakonzanso mtanthauziramau wa Scott uja, umene udatulukanso mu 1929.

Ubwino wa buku la Englund ndi wakuti silisiyanitsa ntchito ya Scott ya chiyankhulo ndi maganizo ake a chilungamo. Likuonetsa kuti Scott adaona m'Chimang'anja chiyankhulo chokwanira kunyamula nzeru zakuya, ndi kuti ulemu umene adapereka kwa eni chiyankhulocho udamudanitsa ndi azungu anzake ambiri. Mlembiyo ndi munthu wodziŵa Chicheŵa, amene mu 2006 adalembapo za mavuto omasulira nkhani za ufulu wachibadwidwe, ndipo khutu lakelo likumveka m'bukumu. Ross nayenso sakubisa kuti Hetherwick, amene adateteza Amalaŵi pa zinthu zambiri, adayandikira kwambiri ulamuliro wa atsamunda kuposa mnzake uja.

Komabe pali chinthu chimene chiyenera kutichititsa manyazi, ife osati olembaŵa. Mbiri ya munthu amene adalimbikira kunena kuti chiyankhulo chathu chikhoza kunena chilichonse tikuiŵerenga m'Chingerezi. Ndipo tikaima pa Chembe tiona kuti umu ndi momwe zakhalira kuyambira kale. Robert Laws adalembedwa mbiri ndi W. P. Livingstone mu 1921 ndiponso ndi Hamish McIntosh mu 1993. Alaliki Achixhosa ochokera ku Lovedale amene adafika mu 1876, monga William Koyi ndi Shadrach Mngunana amene adamwalira pa Cape Maclear mu 1877, adapeza mlembi wao mwa T. Jack Thompson mu 2000. Koma Albert Namalambe, munthu woyamba kubatizidwa ndi mishoniyi mu 1881, amenenso adatsala akuyang'anira malowo amishoni atasamukira ku Bandawe chaka chomwecho, amaoneka m'mabukuŵa ngati mtengambali wothandizira m'nkhani ya eni ake. Mwana wa sukulu wa pa Chembe amadutsa pafupi ndi manda a amishoni, koma nkhani ya manda amenewo idasungidwa m'chiyankhulo chimene agogo ake sachimva.

Wina anganene kuti Chicheŵa chilibe chizoloŵezi cholemba mbiri ya munthu. Zimenezo si zoona. Samuel Ntara adalemba Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Dowa, imene idatulukanso m'Chingerezi mu 1949, ndipo mu 1964 adatulutsa Namon Katengeza. Njira idalambulidwa, ndife amene taileka kuti imere thengo.

4.0 MBIRI YA DZIKO

Buku la John McCracken, A History of Malawi 1859–1966 (2012), ndi mzati umene olemba mbiri adzatsamirapo kwa nthaŵi yaitali. McCracken adaidziŵa nyanja: buku lake la 1977 lidafotokoza zaka za mishoni pa Cape Maclear, ndipo mu 1987 adalemba za usodzi m'nthaŵi ya atsamunda, pamene asodzi a makoka adayamba kupikisana ndi amalonda Achigiriki kufupi ndi boma limene linkatchedwa Fort Johnston. Motero msodzi sadaiŵalike m'buku la 2012. Chimodzimodzinso buku la Kenneth Ross ndi Klaus Fiedler, A Malawi Church History 1860–2020 (2020), lili ndi ubwino wakuti lidasindikizidwa m'dziko momwe muno, ku Mzuzu.

Chimene tikufuna kuti okonza ndondomeko ya ziyankhulo achione ndi kumene mtsinje wa kumasulira ukuloŵera. Yohanna Abdallah adalemba Chiikala cha Wayao m'Chiyao, ndipo bukulo lidatuluka mu 1919 pamodzi ndi Chingerezi cha Meredith Sanderson. Nthondo wa Ntara adasanduka Man of Africa mu 1934. Mbiri ya Achewa idamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973. Kabuku ka Harry Kambwiri Matecheta ka chiyambi cha mishoni ya Blantyre, ka 1951, kadatulukanso m'Chingerezi. Zonsezi ndi ntchito zabwino. Koma madzi akuyenda njira imodzi: zimene makolo adalemba m'ziyankhulo zathu zimatengedwa kukakhala umboni m'mabuku a Chingerezi, ndipo zimene akatswiri apeza pogwiritsa ntchito umboniwo sizibwerera. Tili ngati mudzi umene umagulitsa nsomba zonse kwa amalonda a m'tauni, ana nkumadyera nsima masamba okhaokha.

Pali vuto lina la kalembedwe limene limabwera chifukwa cha zimenezi. Liu lakuti mbiri limanyamula katundu wambiri. Taonani:

(4) Mbiri ya Mponda idalembedwa ndi alendo.
(5) Mbiri ya Ayao ndi yaitali.
(6) Mnyamata uja wamveka mbiri yoipa.
(7) Kwamveka mbiri yakuti nsomba zakwera mtengo.

Mu (4) tikunena za moyo wa munthu, mu (5) za zakale za mtundu, mu (6) za kutchuka, ndipo mu (7) za mphekesera. Ena aona ngati uku ndi kusauka kwa chiyankhulo, nafuna kuti tipeke mau anai osiyana. Ife sitikugwirizana nazo. Woŵerenga sasokonezeka ndi liu limeneli. Chimene Chicheŵa cholembedwa chikusoŵa ndi zizoloŵezi za wolemba mbiri: njira zosonyezera kuti ichi ndachiona m'kalata yakale, ichi ndamva kwa nkhalamba, ichi ndikungoganizira. Zipangizo zake zilipo kale m'kamwa mwa anthu, monga akuti, ati, zikuoneka kuti, kapena, mwina, ndiponso kusiyana kwa adapita, anapita ndi ankapita. Koma zipangizo zotere zimakhazikika pokhapokha olemba ambiri atazigwiritsa ntchito m'mabuku ambiri, mpaka woŵerenga atazizoloŵera. Palibe komiti imene ingalamule chizoloŵezi.

5.0 NKHANI ZOPEKA

Pa magawo onse anai, ili ndi gawo limene Chicheŵa chili ndi nkhokwe yakeyake. Nthondo (1933) adapambana mpikisano wa bungwe la ku London loona za ziyankhulo za mu Africa, ndipo pambuyo pake padabwera Kalenga ndi Mnzake wa Josiah Phiri, Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe, mabuku a E. J. Chadza, kenaka a Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba m'zaka za m'ma 1980. Apa mpomwe timaona ziganizo za Chicheŵa zikuyenda momasuka, miyambi ndi zining'a zikugwira ntchito yake osati kungokometsera.

Komatu nkhokwe imeneyi ili ndi mbali ziŵiri zofooka. Yoyamba ndi yakuti olemba aluso ambiri a mbadwo uno amatulutsa mabuku ao akuluakulu m'Chingerezi, monga For Honour and Other Stories la Stanley Onjezani Kenani (2011) ndi Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti (2015). Sitikuŵadzudzula; wolemba amatsata kumene kuli oŵerenga ndi osindikiza. Buku la Chicheŵa limayenda malonda makamaka likasankhidwa kuti liŵerengedwe pa mayeso a sukulu, ndipo buku lolembedwera mayeso limakonda kutha ndi phunziro loonekeratu, loti mwana alilembe mosavuta. Nkhani zina zabwino zimathera m'masamba a Chicheŵa a m'nyuzipepala ndi pawailesi, osasonkhanitsidwa.

Mbali yachiŵiri ndi ya malo. Dziko la nkhani zopeka za Chicheŵa ndi la mudzi wa kumtunda, wa khasu ndi nkhokwe, ndi la tauni kumene mnyamata amakasokera. Nyanja ikaoneka, imaoneka mu Ku-. Ngakhale mutu wa buku lotchuka la ndakatulo la Benedicto Wokomaatani Malunga, Ndidzakutengera Kunyanja Ligineti, ukuchitira umboni: nyanja ndi kumene munthu amatengera wokondedwa wake. Palibe cholakwa pamenepo. Koma moyo wa pa Chembe uli ndi nkhani zake zimene zikudikira mlembi: mkangano wa mwini ukonde ndi anyamata ake pogaŵana ndalama, mai woyanika usipa pa thandala amene akuyang'ana mitambo, mudzi wozingidwa ndi malo otetezedwa kumene kutola nkhuni kuli ndi malamulo, mnyamata amene wasiya sukulu kuti aziperekeza alendo ku zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo. Malunga yemweyo adaonetsa ndi Chipasupasu, kumasulira kwake kwa buku la Chinua Achebe, kuti mtsinje wa kumasulira ukhoza kubwerera chakuno. Chitsanzo chimenecho sichidapeze otsatira okwanira.

6.0 ZALUSO NDI MABUKU A ZITHUNZI

Buku la Claude Boucher, When Animals Sing and Spirits Dance (2012), lidachokera ku Kungoni, malo a zaluso amene adakhazikitsidwa pa Mua mu 1976, tsidya lina la nyanja kuchokera ku Nankumba. Likufotokoza zilombo za Gule Wamkulu, ndipo kwa ife phindu lake lalikulu ndi lakuti maina a zilombo ndi nyimbo zake zasungidwa m'Chicheŵa. Mlembiyo adakhala pakati pa anthu zaka zambiri, ndipo pa mabuku onse amene taŵatchula ili ndi limene layandikira kwambiri ku Mu-. Komabe mafotokozedwe ake ali m'Chingerezi. Chicheŵa chili m'bukumo monga chinthu choonetsedwa, pamene Chingerezi ndicho chikuloza ndi kufotokoza. Wosema ziboliboli ali nao mau oweruzira ntchito ya mnzake, akamati iyi yasalala, iyi yauma, nkhope iyi ikuyankhula. Mau otereŵa ndiwo maziko a kuunika zaluso m'Chicheŵa, ndipo akudikira kulembedwa.

Kwa anthu a pa Chembe mabuku a zithunzi amene amaŵakhudza koposa ndi a nsomba. Malo otetezedwa a Lake Malawi National Park adakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaŵaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale idatsala m'kati mwake. Kuchokera nthaŵi imeneyo patuluka mabuku okongola, monga la Lewis, Reinthal ndi Trendall la 1986 ndi la Ad Konings limene lasindikizidwa kangapo. M'mabuku ameneŵa mau a asodzi adaloŵa m'sayansi. Liu lakuti mbuna, limene akatswiri adalitenga kwa Atonga, likudziŵika kwa oŵeta nsomba ku Ulaya ndi ku America. Utaka nawonso udaloŵa momwemo. Ndipo mtundu wina wa chambo umatchedwa Oreochromis lidole, kutengera dzina limene asodzi adaupatsa. Chodabwitsa ndi chakuti mwana wa ku Dowa akamva mbuna amaganiza za dzenje lokolera nyama. Tanthauzo la panyanja lidafika ku Ulaya lisadakhazikike m'Chicheŵa cha m'kalasi.

Nkhaniyi ndi yofunika changu. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu ya chambo, kuphatikizapo lidole, m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Nsomba ikatha, dzina lake limatsala pakamwa pa nkhalamba zokha, ndipo pamodzi ndi dzinalo pamapita chidziŵitso cha kumene inkaswera ndi nyengo imene inkagwidwa. Chimodzimodzinso mau a ntchito: chilimira, ukonde umene udafika kumwera ndi asodzi ochokera kumpoto, kauni, usodzi wa usiku wokopa nsomba ndi nyali, siginala, munthu wa m'bwato la nyali amene amatsogolera anzake, liu lobwerekera ku Chingerezi limene lavala malaya a Chicheŵa, ndiponso mphepo za mwera, mpoto ndi vuma. Apa pali Chicheŵa, Chitonga, Chiyao ndi Chingerezi zitalukana pa ntchito imodzi, ndipo wofufuza za kubwerekana kwa mau sangapeze munda wachonde woposa umenewu.

7.0 ZIMENE TIKUPHUNZIRAPO PA NDONDOMEKO YA ZIYANKHULO

Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti chiyankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chicheŵa ndi kuti chikhale chiyankhulo cha fuko. Bungwe la Chicheŵa lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Kayankhulidwe ka m'chigawo chapakati ndiko kadatengedwa ngati muyeso. Motero liu lakuti nyanja lidachoka m'dzina la chiyankhulo m'dziko muno, ngakhale lidatsala ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo mau a m'mphepete mwa nyanja adayamba kuoneka ngati a kumbali. Bungwe la Centre for Language Studies, limene lidaloŵa m'malo mwake mu 1996, lidabwezeretsa dzina lakale pa chikuto cha Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Koma mu 2014 boma lidalengeza kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, chigamulo chimene chidafooketsa chiyembekezo cha osindikiza mabuku a ziyankhulo zathu.

Tikayang'ana zaka zonsezi tiona kuti mphamvu zambiri zidathera pa kalembedwe ka mau ndi pa kupeka mau atsopano. Ntchito zimenezo nzofunika, koma zili ngati kusema nkhafi bwato kulibe. Chifukwa chake tikupereka maganizo atatu.

Poyamba, madipatimenti a ziyankhulo ndi a mbiri yakale agwirizane kumasulira m'Chicheŵa ndi m'Chiyao mitu yosankhidwa ya mabuku monga la McCracken ndi la Englund, kuyambira ndi mitu yokhudza madera amene anthu ake akutchulidwamo. Timabuku tating'ono totsika mtengo tingafike kutali kuposa buku limodzi lalikulu. Pa ntchito yomasulirayo mpomwe mau osoŵa adzaonekera, ndipo adzapekedwa ali m'chiganizo, osati pa mndandanda.

Kachiŵiri, mau a usodzi, a nsomba, a mphepo ndi a malo a m'madzi asonkhanitsidwe kuchokera kwa asodzi eni ake, amuna ndi akazi omwe, ndipo aloŵe m'mtanthauziramau popanda chizindikiro choŵanyoza ngati mau a kumbali. Matanthauzo ake alembedwe m'chiyankhulo chomwecho, ndipo maina a oŵapereka alembedwe iwo atavomera, kuti tisabwereze zimene zidachitikira aphunzitsi a Riddel.

Kachitatu, amene amasankha mabuku a sukulu atsegule khomo la mbiri ya anthu ndi nkhani zoona, kuti wolemba mbiri ya Namalambe kapena ya msodzi wodziŵika wa kwao adziŵe kuti buku lake lili ndi kopita.

8.0 MAU OMALIZA

Sitidalembe pepala lino kuti tichepetse mabuku amene taŵaunika. Englund, Ross, Fiedler, McCracken ndi Boucher adagwira ntchito yao mokhulupirika, ndipo popanda iwo tikadakhala osauka koposa. Mlandu uli kwa ife amene tidaphunzira za ziyankhulo, amene kaŵirikaŵiri timalemba za Chicheŵa m'Chingerezi kuti anzathu akunja atiŵerenge. Papita zaka zoposa 140 chisindikizireni buku la Riddel, ndipo mau a anthu a pa Chembe ayenda m'mabuku a galamala, a mbiri ndi a sayansi m'maiko ambiri. Chimene chatsala ndi chakuti ena mwa mabukuwo abwerere pagombe pamene mauwo adachokera, m'chiyankhulo chimene mwana angaŵerengere agogo ake iwo akusoka ukonde, agogowo nkumuuza pamene mlembi walakwitsa.